Khadi la katemera lisasanduke chitupa chatsopano

Lachiwiri pa 16 Ogasiti 2022, msonkhano wa nduna za boma la Zimbabwe utatha ku Harare, nduna yofalitsa nkhani, Mayi Monica Mutsvangwa, analengeza kuti munthu amene analandira katemera wa Covid-19 katatu sakukakamizidwanso kuvala masiki akamayenda panja. M'nyumba zosonkhanamo anthu ndi m'magalimoto onyamula anthu lamulo linali likadali pomwepo, ndipo wovula masiki panja ankayenera kukhala ndi khadi la katemera m'thumba. Panali patapita zaka ziwiri ndi miyezi itatu chiyambire lamulo la masiki mu Meyi 2020, choncho n'zosadabwitsa kuti ambiri anapumira m'mwamba atamva uthengawu. Ifenso tinaulandira. Koma tikupempha owerenga athu a ku Silobela, Zhombe, Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane kuti aonetsetse chimene chinalengezedwa. Ufuluwu unamangiriridwa pa khadi, ndipo khadilo silinkafika m'manja mwa anthu onse mofanana.

Kalembera wa mu Epulo 2022 anapeza kuti m'Zimbabwe muli anthu oposa 15 miliyoni. Pamene katemera ankayamba pa 18 Febuluwale 2021, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Constantino Chiwenga, atabayitsa Sinopharm pachipatala cha Wilkins, boma linati likufuna kubaya anthu 10 miliyoni chaka chimenecho chisanathe. Pofika mu Ogasiti 2022, amene analandira katemera woyamba anali atangopitirira 6 miliyoni, a wachiwiri anali asanakwane 5 miliyoni, pamene a wachitatu anali pafupifupi 1 miliyoni. Ndiye kuti chilolezo chovula masiki chinkakhudza munthu mmodzi mwa anthu 15 alionse. Otsalawo, mwa lamulo, anali akadali m'dziko lakale lija, momwe wapolisi ankatha kukuimitsa pamsewu chifukwa mphuno yako inali poyera.

Maganizo athu pa katemera sanasinthe chiyambire, ndipo tiwanenanso mosabisa. Katemera wa Sinopharm ndi Sinovac, amene anthu ambiri kuno alandira, amapangidwa ndi kachilombo kophedwa, kamene sikangathe kuswana m'thupi. Ntchito yake ndi kuphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuti chizindikire mdani asanafike. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza Sinopharm pa 7 Meyi 2021 ndi Sinovac pa 1 Juni 2021. Kuyambira pamene mtundu wa Omicron unatulukira mu Novembala 2021, zadziwika kuti munthu wobayitsa angathe kutenga kachilomboka ndi kupatsira ena. Chimene katemera amachita bwino ndi kuchepetsa kudwala kwa kayakaya ndi imfa, ndipo mphamvu imeneyi imachepa pakapita miyezi, n'chifukwa chake pali katemera wachitatu. Dziko limatsegulidwa pamene zipatala zasiya kudzaza, ndipo zipatala zimasiya kudzaza pamene anthu okalamba ndi a matenda a mgonagona atetezedwa. Pamenepa boma silinalakwe. Chimene tikutsutsa ndi kupereka mphotho kwa amene katemera anawapeza pafupi, ndi kusiya chilango kwa amene katemera sanawafikire.

Anthu a m'migodi ya Midlands anatsegula dziko lino ena onse akadali m'nyumba. M'bindikiro woyamba unayamba pa 30 Malichi 2020. Pa 19 Epulo, mtsogoleri wa dziko, a Emmerson Mnangagwa, powonjezera masiku a m'bindikirowo, analola migodi kuti iyambirenso ntchito, ndipo anati ogwira ntchito ayezedwe ndi kukhala m'nyumba za pamgodi pomwepo. Chifukwa chake n'chodziwika: golide, platinamu ndi kiromu ndiwo amabweretsa ndalama zakunja. Golide wogulitsidwa ku Fidelity anatsika kuchoka pa matani oposa 27 mu 2019 kufika pa matani 19 mu 2020, kenako n'kukwera kufika pa matani oposa 29 mu 2021. Woposa theka la golide ameneyu anachokera kwa okumba ang'onoang'ono, amene kuno timawatcha makorokoza, ngati aja adzaza m'tchire la Silobela ndi Zhombe. Anthu amenewa anasenza chuma cha dziko pamene kunalibe katemera ndi mmodzi yemwe. Mu Meyi 2021 mtundu wa Delta utapezeka ku Kwekwe, mzindawu unaikidwa pa m'bindikiro wapadera dziko lonse lisanabwerere m'nyumba kumapeto kwa Juni. Mwezi wa Julaye 2021 unatenga anthu ambiri kuposa mwezi wina uliwonse wa mliriwu. Amene anayamba kugwira ntchito pangozi, nayambanso kutsekeredwa, sayenera kukhala omaliza kulandira chitetezo.

Mbiri ya makolo athu ikutichenjeza pa nkhani imeneyi. Mu Okutobala 1918 fuluwenza inalowa m'dziko lino ndi sitima yochokera kumwera, ndipo inapha anthu ochuluka m'makomboni a migodi, momwe amuna ankagona mothithikana ndi kudya mosakwanira. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ena obwera ndi miyendo yawo, ena obweretsedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analitcha Chibalo. Amene anatha kuthawa anathawa, ndipo eni migodi anadandaula kwambiri za ntchito yoima kuposa za manda odzaza. M'masiku amenewo, kuyenda kwa munthu wakuda kunkadalira chitupa. Wopanda chitupa sankatha kusintha ntchito, kulowa m'tauni, kapena kudutsa wapolisi mwamtendere. Zidzukulu za anthu amenewa ndi zimene zili ku Amaveni, Mbizo, Torwood ndi m'midzi yozungulira Jena Mines lero. Munthu wochokera m'banja lotere akauzidwa kuti aonetse pepala asanaloledwe kuyenda momasuka, amakumbukira zinthu zimene wokhala m'maofesi a ku Harare sangazikumbukire. Amene akukonza ndondomeko za umoyo ayenera kudziwa zimenezi ngati akufuna kumvedwa.

Tiyeni tione chimene chimafunika kuti wokumba golide wa ku Silobela apeze zidindo zitatu pa khadi lake. Ayenera kupita kuchipatala katatu: ulendo woyamba, wachiwiri pakapita masabata atatu kapena anayi, ndi wachitatu pakapita miyezi ingapo. Kuchokera ku Silobela kukafika ku Kwekwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60 pamsewu wa Nkayi, umene aliyense woudziwa sangautamande. Zipatala za kumudzi zilipo, koma zimagwira ntchito masana, nthawi yomweyo imene munthu ali pansi pa nthaka kapena pachigayo cha miyala. Wolembedwa ntchito pakampani yaikulu ngati Unki kapena Mimosa ali ndi chipatala cha pantchito ndi malipiro a pamwezi. Korokoza alibe malipiro a pamwezi. Amagawana ndi anzake ndi mwini dzenje zimene zatuluka, ndipo tsiku limene sanatsike ndi tsiku limene sawerengedwa. Akabayitsa n'kumva mutu kapena kuphwanya m'thupi tsiku lotsatira, wataya masiku awiri. Komanso anthu amenewa sakhala malo amodzi. Golide akamveka ku Mberengwa kapena ku Shurugwi amasamuka, ndipo khadi la katemera woyamba limatsala m'chisakasa chimene mvula inagwetsa kalekale. Munthu wotere akalembedwa m'gulu la okana katemera, ndiye kuti walakwiridwa, pakuti chimene chamulepheretsa ndi mtengo wa ulendo ndi wa tsiku lotayika.

Pamwamba pa izi pali nkhani ya mapepala. Pamalo obayira katemera mlembi amafunsa dzina ndi nambala ya chitupa. Kwa ambiri funsoli ndi laling'ono, koma kwa ena ndi mpanda. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira m'dziko lino kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ambiri a iwo anali asanapondeko. Ochuluka sanathe kutero m'miyezi yochepa imene anapatsidwa, ndipo anakhala alendo m'dziko lobadwira. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anakonza cholakwachi: wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo amakhala kuno, ndi nzika yobadwa nayo. Koma lamulo lolembedwa silisanduka chitupa lokha. Kholo lopanda kalata ya kubadwa limavutika kulembetsa mwana, mwanayo n'kudzavutikanso kulembetsa wake. Mu Epulo 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lofotokoza vutoli, ndipo linatchula chiwerengero cha bungwe la UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 m'dziko lino ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuzemba maofesi a boma sadzapita yekha kukaima pamzere umene amafunsa nambala. Kachilombo sikafunsa nambala, choncho namwino nayenso asabweze munthu chifukwa cha nambala.

Boma linayesa njira yokakamiza. Mu Ogasiti 2021 linalola matchalitchi kutsegula kwa okhawo obayitsa kawiri. Mu Sepitembala linati wogwira ntchito m'boma wosabayitsa asafike kuntchito. Makampani ena anali atayamba kale kuchita chimodzimodzi, mpaka bungwe la ZCTU linapita ku bwalo lalikulu la milandu kukatsutsa. Sitikukana kuti mizere inatalika pamene malamulowa analengezedwa. Koma kukakamiza kunabala zipatso zina ziwiri zowawa. Choyamba ndi malonda a makhadi achinyengo, amene anachititsa kuti anthu ena amangidwe, kuphatikizapo ogwira ntchito za umoyo. Khadi logula linkatsegula chipata cha pantchito koma mapapo ankakhala osatetezedwa, ndipo linkanamiza amene ankawerengera kuti dera latetezedwa. Chachiwiri ndi kusakhulupirirana. Pofika Julaye 2020 apolisi anali atamanga anthu oposa 100,000 chifukwa chophwanya malamulo a m'bindikiro, ambiri mwa iwo pa nkhani za masiki ndi kuyenda. Masiki akasanduka chida chopewera chindapusa, munthu amawavala pachibwano akaona yunifolomu, n'kuwavula akalowa m'kombi yodzaza, kumene ndiye kuli ngozi yeniyeni.

Pa masiki tiyenera kulankhula ngati anthu odziwa mgodi. Kachilombo ka Covid-19 kamayenda mumpweya umene munthu amatulutsa popuma, polankhula ndi potsokomola, ndipo kamadzazana kumene mpweya sukuyenda. Panja pamene pali mphepo ngozi ndi yochepa, kaya munthu ali ndi zidindo zitatu kapena alibe. Ngozi ili m'kombi ya mawindo otseka, m'chipinda cha komboni chogona amuna asanu ndi mmodzi, m'chikepe chotsikira pansi, m'bawa, m'tchalitchi, ndi m'nyumba ya maliro usiku wa kuzizira. South Africa inachotsa malamulo a masiki mu Juni 2022 popanda kusiyanitsa anthu ndi makhadi. Zimbabwe ikanatha kunena kuti panja aliyense ndi womasuka, n'kuika mphamvu zake zonse pa malo otsekeka. Lamulo lotere likanagwirizana ndi mmene matenda amafalira, ndipo likanachotsa m'manja mwa wapolisi chifukwa choimitsira munthu wosauka pamsewu.

Pali chinanso chimene mliriwu usatiiwalitse. Mapapo a wokumba miyala anali pankhondo Covid-19 asanabwere. Fumbi la mwala wa golide, likalowa m'chifuwa chaka ndi chaka, limaumitsa mapapo ndi kuyambitsa silikosisi, matenda amene alibe mankhwala ochiza. Silikosisi imatsegulira njira chifuwa chachikulu, ndipo zonse ziwiri zimachititsa kuti chibayo chilichonse chikhale choopsa kwambiri. Masiki a nsalu amene tinazolowera m'zaka za mliri satchinga fumbi losaoneka ndi masoli. Pamafunika masiki osefa a mtundu wa N95 kapena FFP2 ogwira bwino nkhope, kuboola mwala mothira madzi, ndi kudikira kuti fumbi likhazikike mwala ukaphulitsidwa. Zimbabwe inavomereza pangano la ILO nambala 176 la chitetezo ndi umoyo m'migodi mu 2003, ndipo panganoli limaika pa wolemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera popanda kulipiritsa wantchito. Mu Juni 2022 msonkhano wa ILO ku Geneva unaika malo ogwirira ntchito otetezeka m'gulu la maufulu oyambirira a wantchito aliyense. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limanena za munthu aliyense, osati nzika zokha, kuti ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Ngati mliri watiphunzitsa kutchinga mphuno, phunzirolo litsike nafe pansi pa nthaka ndipo likhale komweko ngakhale malamulo a Covid-19 anatha.

Ena adzati mliri watha, ndipo tikulira maliro oikidwa kale. Yankho lili m'msonkhano womwewo wa pa 16 Ogasiti. Tsiku limene boma linamasula lamulo la masiki, linalengezanso kuti chikuku, chimene chinayambira m'boma la Mutasa ku Manicaland mu Epulo, chagwira anthu 2,056 ndi kupha 157, ambiri mwa iwo ana osalandira katemera. Katemera wa chikuku ndi wakale, wodziwika ndi waulere. Ana amenewa afa chifukwa katemera sanawafikire, ena chifukwa cha ziphunzitso za mipingo ina, ena chifukwa sikelo ya ana inasokonekera m'nthawi ya m'bindikiro, ena chifukwa makolo anamva mphekesera zambiri pa WhatsApp mpaka kuopa jakisoni aliyense. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Misasa ya makorokoza, kumene mabanja amabwera ndi kupita, ndi malo amene chikuku chingafale msanga. Dera limene silinaphunzire kufikitsa katemera kwa wokumba golide silidzatha kumufikitsanso kwa mwana wake.

Mphekesera zimakula kumene choona sichikumveka. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndi choyamba pamndandandawo. Komabe uthenga wa umoyo umene umafika m'matauni a migodi umakhala m'Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Achinyamata amamva zonsezi. Agogo amene anabwera m'masiku a Mthandizi, amene ndiwo ali pangozi yaikulu ya imfa, amafuna kuti wina akhale nawo pansi n'kuwafotokozera m'chilankhulo chimene amapempherera. Tili ndi njira zathu zokhazikika kale: mabungwe a maliro, mipingo ya CCAP ndi Katolika, mizikiti, ndi akuluakulu a Gule Wamkulu. Amenewa akafunsidwa mwaulemu ndi kupatsidwa mayankho oona, adzafikira anthu amene galimoto ya chimkuzamawu singawafikire.

Choncho tikupempha izi. Unduna wa zaumoyo ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma la Kwekwe atumize magulu oyendayenda kumadzenje, kuzigayo za miyala ndi kumalo ogulitsira golide, madzulo ndi Loweruka, atanyamula katemera wa Covid-19, wa chikuku, ndi zoyezera chifuwa chachikulu pa ulendo umodzi. Alengeze poyera, ndi kulembera chipatala chilichonse, kuti wopanda chitupa abayidwe ndi kupatsidwa khadi, ndiponso kuti wotaya khadi athandizidwe kupeza lina popanda kunyozedwa. Eni migodi, aakulu ndi aang'ono omwe, apereke tsiku la katemera ndi lotsatira lake popanda kudula malipiro kapena gawo la munthu, apereke masiki osefa fumbi, ndipo achepetse anthu ogona m'chipinda chimodzi. Mabungwe a AMWUZ ndi ZDAMWU akambirane zimenezi ndi olemba ntchito kuti zilowe m'mapangano olembedwa, ndipo Zimbabwe Miners Federation ilankhule ndi mamembala ake, pakuti ambiri mwa iwo ndi olemba ntchito ngakhale sadzitcha choncho.  

Kwa inu owerenga athu, udindo wathu sitingausiye kwa boma lokha. Ngati munabayitsa kawiri, pitani mukalandire wachitatu, makamaka ngati muli ndi zaka zambiri, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, HIV kapena chifuwa chosatha. Musagule khadi. Khadi lenileni lisungeni m'pulasitiki ndipo mulijambule pafoni. M'kombi valani masiki ndi kutsegula windo. Tengerani ana kukatemera wa chikuku. Wotsokomola kupitirira masabata awiri akayezetse chifuwa chachikulu, pakuti kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Ndipo dziwani kuti ofesi yolembetsa anthu inayendayenda m'maboma kupereka makalata a kubadwa ndi zitupa kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 30 Sepitembala 2022.  Popita ku ofesi yolembetsa anthu, tengani achibale amene angakuchitireni umboni, ndipo mukakanizidwa pemphani kuti akuuzeni chifukwa chake, mulembe tsiku ndi malo, n'kufikitsa nkhaniyo kwa nthumwi ya bungwe lanu la ogwira ntchito. Musapite nokha. Tengani mkulu wa pakomboni amene wakhala zaka 70 m'dziko lino wopanda pepala, kuti iyenso dzina lake lilembedwe.